Momwe Manthu Adaziziritsira Khola la a Hachi

Padangotero, kalekale dzuwa likadali ndi mano ake onse, a Kapitawo Hachi adaitanitsa phwando lotsegulira khola lawo latsopano.

Amene adalipo ndi awa. Adalipo eni phwando, a Hachi, omwe adakokako ngolo ku boma nabwerako ndi dzina laukapitawo ndi chishalo chimodzi. Adalipo mkazi wawo Nabulu, pamodzi ndi mayi ake, Make Nabulu, mwini weniweni wa malowo, pakuti a Hachi adali mkamwini chabe. Adalipo mmisiri Gogomole, yemwe adakhoma matabwa. Adalipo Sajeni Nkhanga, mlonda wa pakhomo, atavala yunifolomu yake yamadonthomadontho. A Fisi sadaitanidwe, koma adalipo. A Kamba adaitanidwa, adanyamuka ndithu, koma adafika mbale zitatsukidwa.

Amene padalibe adali mmodzi: Manthu, make wa chiswe chonse, wa pachulu cha kuseri kwa mudzi. Sadadwale, sadali kumaliro. Sadamuuze basi.

Tsono nkhani yake ili apa. Pomanga kholalo padafunika dothi lozira pansi, ndipo aliyense amadziwa kuti dothi losang'aluka ndi la pachulu. A Hachi adapita okha kwa Manthu, chipewa chili m'manja, amayi apa, amayi apo. Adapangana kuti akumbe mbali imodzi ya chulu, ndipo Manthu adzalandire zidutswa zonse za matabwa zotsala pomanga, komanso mpando wake pa tsiku la phwando. Chaka chimenecho lupsa lidapsereza tchire lonse, kathengo kouma ngakhale kamodzi kadalibe, ndipo ana a Manthu adaonda mpaka mitu yokha. Manthu adawerengera kuti zidutswazo ziwafikitsa ku mvula yoyamba, navomera.

Mbali ya chulu idakumbidwa, zipinda za ana zidakhala poyera. Koma pa tsiku la phwando zidutswa zija zidaphikira thobwa ndi nyemba. Utsi udafika mpaka kuchulu, ndipo Manthu adanunkhiza chakudya cha ana ake chikupsa pansi pa miphika ya eni ake.

Anthu atakhuta, a Hachi adaimirira, nafulatira khoma, nalimenya ndi chiboda chakumbuyo kuti phu! Khoma silidagwedezeke n'komwe.

"Awa ndi matabwa a paini, denga ndi malata," adatero a Hachi. "Si zaudzu zanu zakunozi."

Adanena zimenezi apongozi awo ali pomwepo, m'mbali mwa khola lawo lamitengo lofolera ndi udzu. Make Nabulu adamva mawuwo. Adangowasunga.

M'kholamo simudalowe mlendo. A Hachi adati pansi sipadaume. Zenera padalibe ngakhale limodzi. Gogomole adayesa kunena za mazenera, koma a Hachi adati zenera ndi khomo la afiti. Mizati yonse adaipaka oyilo wakuda kuti chiswe chisakwere, ndipo adauza Sajeni Nkhanga kuti chiswe chilichonse chofika pakhomo ndi ndiwo zake.

Manthu adatumiza uthenga wokumbutsa pangano. Yankho lidabwera lakuti tidzaona. Manthu adali wamkulu, adadziwa kuti tidzaona ndi ayi wovala jekete.

Kenaka chidafika chilimwe. Dzuwa likafika paliwombo, malata aja amathetheka ngati chimanga cham'chiwaya, ndipo m'kati a Hachi amatuluka thukuta mpaka thovu m'khosi. Nabulu adayesa kuthira madzi padenga. Madziwo adabwerera kumwamba ngati nthunzi, chitsime chidayamba kuphwa, msana wake udatupa ndi mitsuko. Make Nabulu, poti mpongozi salankhula maso ndi maso ndi mkamwini, adayang'ana kunkhokwe nauza mwana wake mokweza kuti nthawi yawo anthu anzeru amayala udzu pamwamba pa denga lotentha. A Hachi adayang'ana kuchitseko nayankha kuti uwauze, munthu sagula malata kuti awabise pansi pa udzu. Mapeto ake Nabulu adanyamula nsalu yake nakakhala kukhola kwa mayi ake, kumene mphepo imalowa ndi kutuluka mosapempha.

Tsiku lina pochokera kuchitsime, Nabulu adatula mtsuko pachulu, naika mphuno pa bowo limene pamatuluka kampweya kozizira. Manthu adamulonjera, namufunsa za msana, za amayi, za mtengo wa mchere. Za khola sadafunse. Mkazi wotopa safuna kukumbidwa, amatumphuka yekha ngati kasupe. Nabulu adaulula kuti za afiti n'zonamizira. M'kholamo mudalibe kanthu. Chuma chonse chidathera kumalata, mudangotsala mphasa imodzi ndi chishalo chakale chija, ndipo a Hachi akadalola kuphikidwa amoyo kusiyana n'kuti diso la munthu lilowemo.

Manthu adamupepesa, namuuza kuti mabanja ndi choncho. Nabulu atachoka, adayang'ana ana ake. Aang'ono adali atasiya ndi kulira komwe.

Sipadapite masiku, a Hachi eni ake adatulukira masanasana, akuti akuyendera malire. Malirewo adawayendera ataima malo amodzi, pafupi ndi bowo lomwe lija.

"Mwaswera bwanji, a Kapitawo?" adatero Manthu. "Kwanu kuja kuyenera kuti n'kozizira, malata onse aja."

"Kozizira kwambiri, amayi. Ndatuluka kudzaothera dzuwa."

"Ndaona. Mwaothera mpaka thovu."

A Hachi adatsokomola, nafunsa, ngati nkhani yongocheza, kuti chulu chopanda ndi lata lomwe chimazizira bwanji chonchi. Manthu adawafotokozera zoona zokhazokha. Adati mphepo ndi mlendo wamanyazi, salowa m'nyumba imene sakuona potulukira. Umutsegulire khomo lam'munsi lolowera, lina lam'mwamba lotulukira, adzakuchezera tsiku lonse.

"Za mazenera ndidakana kale," adatero a Hachi.

"Wanena za zenera ndani? Zenera ndi la anthu opanda katundu. Inu a katundu wambiri mufunika timabowo tolowa mphepo koma tosalowa diso. Timeneto amaboola ndi ana anga okha."

Makutu a a Hachi adaima. Kenaka adagwanso, poganiza kuti tsopano nkhani ya zidutswa ituluka. Adafunsa mtengo wake chapansipansi.

"Mtengo pakati pa ife? Ndi ulemu chabe. Ngakhale zinyalala zake tizichotsa tokha, simudzaona utuchi pansi. Koma oyilo uja amawotcha ana mapazi."

Madzulo a tsiku lomwelo a Kapitawo Hachi, munthu wa ku boma, adagwada ndi mchenga ndi phulusa, nakwecha mizati yawo yonse mpaka mbee.

M'mawa ana a Manthu adandondozana kulowa pantchito. Adayambira matabwa am'munsi. Pogwira amaimba nyimbo ya wotsogolera mmodzi, ena onse n'kumavomera, kanyimbo kotsika ngati mvula yowaza pa masamba ouma. Imanena za mlendo amene waima pabwalo, ndi ana aulemu amene akumutsegulira khomo. Pothera pake onse amagogoda mitu pathabwa kamodzi, n'kuyambiranso. Madzulo adabwerera kuchulu mimba zili tantha, koyamba chipsereni tchire. Koma sadabwerere onse. Sajeni Nkhanga amayenda m'mbali mwa mzere ngati woyang'anira, n'kumatola wotsalira.

Patapita masiku a Hachi adabweranso kumalire. Adadandaula kuti ziboda zokha ndizo zikuzizira, mutu ukuwirabe.

"Mlendo walowa, koma akusowa potulukira," adatero Manthu. "Mpweya wotentha umakwera, wadzaza kudenga. Pafunika kuboola m'mwamba, m'munsi mwa malata. Koma ana akukana kukwera."

"Chifukwa?"

"Akayang'ana pansi akuona a Sajeni atayasama. Mwana wamantha saboola bowo lowongoka."

A Hachi adaitana Nkhanga. Nkhanga adaima chilili, nati bwana, ine ntchito yanga ndi kuyang'ana, ndipo ndayang'ana. Anthu awa akulowa owonda, akutuluka onenepa. Utuchi umene akuti akuchotsawo sindidauone pa mutu wa aliyense. A Hachi adayankha kuti nsanje ndiyo idamudyera tsitsi la kumutu, kuti iwo adagwirapo ntchito ndi azungu a mapulani, ndipo sangaphunzitsidwe zomanga ndi mbalame yogona mumtengo. Adamuchotsa ntchito pomwepo. Za malipiro a miyezi imene adalondera adamuuza kuti tidzaona.

Ana adakwera. Nyimbo idali yomwe ija, koma mawu adasinthako. Tsopano imanena za mlendo amene wadya, wakhuta, akufunsa njira ya kumwamba, ndi kuti mwini nyumba ndi wopatsa, wachotsa ngakhale galu pakhomo. Pothera pake amagogoda kawiri.

Apa tinene chilungamo: khola lidazizira. Mphepo imalowa m'munsi, n'kukankha kutentha, n'kutulukira m'mwamba, monga momwe Manthu adanenera. A Hachi adagona tulo tamasana koyamba. Nabulu adabwerera ndi nsalu yake. Akadalekera pomwepo, bwenzi lero tikunena nthano ina.

Manthu adakhala pansi nalingalira. Zimene ana adadya zidakwana zidutswa zija, mwina kupitirira pang'ono. Koma mitambo idali isadayambe n'komwe kusonkhana, ndipo ana amene wawazoloweza kukhuta njala imawapha msanga kuposa kale. Chakudya chenicheni chidali m'mizati ndi m'mitanda. Kupempha sikukadathandiza. Munthu ngati a Hachi sumupempha, umamukaniza.

Tsono adauza ana kuti amunyamule, poti iye ndi thupi lake sayenda, nakamutula pabwalo la a Hachi nthawi imene Make Nabulu amapeta mapira pafupi ndi nkhokwe.

"Ndabwera kudzatsanzika, a Kapitawo. Ntchito ya msinkhu wanu yatha."

"Ya msinkhu wanga? Ilipo ina?"

Manthu adachita ngati mawuwo amupulumuka. Adazengereza, kenaka adati kunyumba za mafumu akuluakulu iwo amafukula m'kati mwa matabwa ndi mizati momwe, kuti mphepo iziyenda m'mtengo mwenimwenimo ngati m'chulu, kunja kuli see ngati sikudakhudzidwe. Nyumba yotero imazizira mpaka mwini wake kufunda bulangeti mu Okutobala.

"Koma zimenezo n'za eni nthaka. Mkamwini, anthu angamanene. Komanso ndikuuziretu, khola lotero silifuna kugundidwa. Limakhala ngati dzira."

Pa mawu onsewo a Hachi adamvapo amodzi okha, akuti mkamwini. Mphuno zidatukumuka. Adafunsa ngati Manthu akuwayesa ochepa. Manthu adakana ntchitoyo. A Hachi adalamula. Manthu adakananso. A Hachi adamenya chiboda pansi nati mawa lomwe ana alowe m'mizati, apo ayi abweza Nkhanga pantchito.

"Make Nabulu," adatero Manthu, "mwamva nokha kuti ndakana kawiri, ndipo ndachenjeza."

Make Nabulu adayang'ana kunkhokwe nati makutu awo ngaatali, sataya kanthu. Adapitiriza kupeta. Mawu aja akuti zaudzu zanu adali akadali m'thumba mwawo, osawola.

Ulendo wachitatu nyimbo idamveka kuchokera m'kati mwa mitengo, yolemera, ya anthu oimba kukamwa kuli kodzaza. Sidabise kanthu. Imanena poyera kuti mzati watsala khungu, mtanda watsala dzina, ndipo imatchula a Kapitawo Hachi pa mzere uliwonse. Pothera pake samagogodanso, poopa kuboola. A Hachi adamva dzina lawo likuimbidwa ndi khamu, nakondwa, namavomereza ndi mutu. Adauza Nabulu kuti ngakhale ku boma sadaimbidwepo chonchi. Nabulu adamvetsera mawu ake bwinobwino, napinda nsalu yake, nati akukaona amayi.

Ana a Manthu adanenepa. Akuluakulu adayamba kumera mapiko.

Ntchito itatha a Hachi adalengeza phwando lachiwiri, loti anthu adzamve kuzizira. Kulowa m'kati ayi, pansi padali pasadaumebe, koma aliyense adzaike tsaya pakhoma amve yekha kamphepo. Manthu atamva adaika mtima pa chinthu chimodzi. Adati mumtima mwake, akanditumizira mthenga, akandiikira mpando wanga uja, ndikawauza pamaso pa anthu kuti achirikize denga ndi mitengo yaiwisi, ndipo asayerekeze kuponya mwendo. Khola likhoza kuima mpaka mvula itatha.

Tsiku lidafika. Adalipo onse aja. A Fisi adalipo osaitanidwa. A Kamba, ataphunzira, adanyamuka dzana lake nafika nthawi yabwino. Nkhanga adakhala patali pachitsa, wopanda ntchito koma yunifolomu ili pathupi. Manthu adakwezedwa pamwamba pa chulu m'mamawa, nayang'ana kunjira. Dzuwa lidakwera. Utsi wa miphika udafika. Mthenga sadafike. Dzuwa litafika paliwombo adatuma mawu kuti mwana aliyense amene ali m'kholamo atuluke, asasiye ndi mmodzi yemwe.

Kuphwandoko alendo amaika masaya pakhoma n'kumavomereza kuti kamphepo kalipo. Gogomole, mwa chizolowezi cha ntchito yake, adagogoda mzati wapangodya ndi mlomo kamodzi. Adamvetsera. Adanyamula mbale yake mwakachetechete nakakhala pachitsa pamodzi ndi Nkhanga.

Anthu atakhuta a Hachi adaimirira, nalankhula za mafumu akuluakulu ndi za mphepo yoyenda m'mitengo. Atatsala pang'ono kukhala pansi, Make Nabulu adayang'ana kunkhokwe nauza mwana wawo kuti ulendo uno mwendo uja sitidauone, kaya matabwa a paini nawonso amakalamba.

A Hachi adafulatira khoma. Chenjezo la dzira lija lidawadutsa m'mutu, koma lidapeza maso a anthu atafika kale. Adaponya chiboda.

Sipadamveke phu. Mwendo udangolowa ngati m'dzungu lowola. Khoma lidakhala pansi pang'onopang'ono, linzake lidatsatira, ngati amayi ofika pasiwa. Mizati idasanduka fumbi ili chiimire. Denga lidatsika lonse, ndipo a Hachi adatulukira m'fumbimo akuthamanga, lata limodzi lili kumsana ngati chishalo chatsopano.

Fumbi litatsika anthu adaona zimene diso silidaloledwe kuona: dothi la pachulu lozira bwino, louma kalekale, mphasa imodzi, ndi tizitsulo ta chishalo, poti chikopa chake ana adachiyesa mbali ya ntchito. A Fisi adafunsa ngati katundu wina adasamutsidwiratu. Kamphepo kadadutsa pabwalopo, kochokera mbali zonse zinayi, kopanda chokatsekereza.

Make Nabulu adayang'ana kunkhokwe.

"Uwauze kuti tsopano kwazizira."

A Hachi adafuna kukasuma. Koma mboni idali mpongozi wawo yemwe, ndipo mboniyo idati idamva kukana kawiri ndi chenjezo limodzi. Mlandu udafera pabwalo. Matabwa ogwawo palibe adawatola, ana a Manthu adawamaliza mosathamanga, ndipo adawafikitsa ku mvula yoyamba. Tsiku limene idagwa, ngumbi zidatuluka pachulu chija zonona kuposa chaka china chilichonse. A Hachi adaziona ali m'khola laudzu la apongozi awo, pakona imene adawapatsa. Kuyambira pamenepo sagona pansi. Amagona chiimire, khutu lili kudenga.

Tsono tiwerengere zotsala, poti nkhani ikatha ngongole siyithera pomwepo. Zidutswa za matabwa zidalipidwa, ndi zapamwamba zomwe. Za mmisiri Gogomole sizidaperekedwe, n'chifukwa chake mpaka lero amagogoda mtengo uliwonse kufunsa ngati eni ake alimo. Za Sajeni Nkhanga sizidaperekedwe, ndipo iye amadzilipira yekha pa ngumbi, kulanda kwa munthu amene sadamulembe ntchito. Imeneyo Manthu akuisunga payokha. Mitsuko imene idatupitsa msana wa Nabulu palibe adaithokoza. Mbali ya chulu sidabwezedwe, ana adaimanganso ndi malovu awo. Mawu akuti zaudzu zanu sadapepesedwe, ngakhale wowanena akugona pansi pa udzu womwewo.

Ndipo mpando. Mpando wa Manthu, wa paphwando loyamba, sudaperekedwe, wa lachiwiri sudaperekedwe. Mukadzapeza mwendo wa mpando wanu utadyeka m'kati, kunja kuli see, musakalimbane ndi kalipentala. Ndi ana ake, adawatuma kudzaona ngati uli wake uja.

Nthano yapsa, iphuleni. Mpando wokha ndiwo sunabwere.